Kapu ya Alendo M'chipululu

Usiku wathawu ine ndinalota, anzanga, ndipo musayambe kundifunsa kuti ndinadya chiyani madzulo, chifukwa ndinadya zomwe tonse pa laini yathu ino tinadya, bonya wamchere uja tinagawana Lachiwiri. Ndinalota banja lathu lonse tili pa ulendo wokaona chipululu. Eee, chipululu. Ine amene ulendo wanga wautali kwambiri unali wa ku Ntcheu kumaliro a azakhali, ndipo ndinasanza njira yonse.

Kumene zinachokera ndikukudziwa. Ndaziona, mwana wanga wamkulu wa Sitandade 4 uja, anabwera ndi ntchito ya kusukulu yoti ajambule chomera cha m'chipululu. Anafunsa ine. Ine sukulu ndinaisiyira mu Sitandade 7, mimba ya Ndaziona yemweyo itayamba kukana yunifolomu, ndiye za zipululu sindinazigwire bwino. Ndinamuuza kuti, "Jambula nkhadze, ili kuseri kwa bafa iyo, siifa ngakhale mvula ikane chaka chathunthu." Aphunzitsi anathetha ndi cholembera chofiira n'kulemba pambali kuti kaloga, chomera cha minga chija. Mwana anabwerako akundiyang'ana ngati ndam'bera ndiwo m'mbale.

Ndiye m'malotomo bambo a Ndaziona akuti, "Mayi a Ndazi, konzekani, tikamuonetse mwanayu kaloga ndi maso ake, ndi nyama zake zonse za kumeneko." Njinga yamoto ija amachitira kabaza inali itafufuma ngati ndasi m'mafuta n'kusanduka minibasi, koma hutala yake inali yomweyo, yolira ngati mwanapiye. Bambo ake ananyamula sipika ndi magalasi akuda. Ndaziona ananyamula kope ndi pensulo. Ine mumandidziwa, ndinanyamula zenizeni: Mwatitha wanga wazaka ziwiri kumsana, sopo, zitenje zinayi, singano, machesi, ndi chigubu chathu chachikasu chija, chodzaza madzi mpaka pakhosi. Ndinachimenya pambali n'kulengeza kuti, "Kuchipululu kulibe mjigo. Madzi awa ndi a mwana. Wofuna kuwakhudza ayambe watsanzikana ndi abale ake."

Chigubu chinayankha, mawu ake ngati a mzimayi wobereka ana asanu ndi anayi. "Tamva, mayi. Tiona."

Tikutseka chitseko, mwadzidzidzi ndinamva wina akukhosomola m'kabati. Kapu ya alendo. Nonse muli nayo yanu, musanamizire kudabwa. Yanga ndi ya maluwa ofiira ija ndinapatsidwa pa chinkhoswe, imene palibe wa m'nyumba mwanga anaikapo mlomo chiilandirireni. Ndaziona anaikhudza kamodzi ali wamng'ono, mpaka lero akamadutsa pa kabati amapinda manja kumbuyo.

"Mukundisiya?" inatero kapuyo, ikulankhulira m'mphuno. "Nanga kukabwera alendo mukawapatsa madzi m'chiyani? M'kapu ya pulasitiki yolumidwalumidwa ndi ana ija? Akati munakulira kuti?"

Ndiye ine, mayi wanzeru za m'nyumba, amene sindigula tomato osam'finya, ndinaikulunga m'chitenje n'kuifungatira pachifuwa ngati khanda. Kupita nayo kuchipululu. Kukadikira alendo. Kapu ya ana ndinaiiwala pa thandala.

Tinadutsa pa chigayo, tinadutsa pa msika wa tomato, ndiye mwadzidzidzi phula linangoduka ngati nyimbo magetsi akazima. Kutsogolo mchenga wokhawokha, wofiira, mpaka kumene thambo limagwa pansi. Bambo ake anati, "Taonani kukongola!" Ine mumtima ndinkati mchenga wabwino chonchi wokwechera mapoto ukungokhala, ndipo bwalo lalikulu chotere amasesa ndani.

Pakhomo la chipululu panali migolo iwiri ndi mtengo wopingasa, ndi wapolisi wapamsewu wa chipewa choyera. Anaimitsa minibasi, anaizungulira kawiri, n'kufunsa bambo ake kuti, "Chiphaso choyendera padzuwa chili kuti?" Bambo ake akupapasa m'matumba, ndiye ndikuona khosi la wapolisi likusanduka la buluu, yunifolomu ikukhwepa, munthu uja wagwa chamimba pa mgolo, wasanduka gulo, chipewa chili pamutu pomwepo. Mutu uli gwede gwede.

"Tidutse, bwana?" anafunsa bambo ake. Mutu gwede.

"Kapena tibwerere?" Mutu gwede.

"Kapena tikhale pompano mpaka tife?" Gwede, gwede.

Kenako anatembenukira kwa ine. "Odi, mayi. Kukhosi kwauma. Muli ndi timadzi?"

Paja mayi anga anandilera ndi lamulo limodzi lalikulu: munthu samanidwa madzi. Wina akati odi n'kupempha madzi, ngakhale akhale yemwe anakubera nkhuku, umagwada, umam'patsa ndi manja awiri, za nkhukuzo mukambirana atamwa. Ndiye mawondo anga anapinda okha osandifunsa. Mchenga unkatentha ngati chiwaya cha tchipisi, koma ine gwa! Kapu ya alendo inatuluka m'chitenje ikunyezimira. Gulo anamwa makapu anayi, yachisanu anadzithira pamutu, yachisanu ndi chimodzi anatsukira wenzulo yake. Ndipo ine ndinati, "Zikomo kwambiri, bwana." Ndinathokoza ndine.

"Ndafika m'mapewa, mayi," chinatero chigubu tikukwera.

"Ndakuona, ndili ndi maso."

Ndiye tinafika kwa akaloga aja. Anzanga, si timene timamera kumipanda ya kumishoni tija ayi. Awa anali ataliatali kuposa mapolo a magetsi, manja m'mwamba ngati anthu ogwidwa ndi katundu wa eni. Ena ozungulira ngati maungu okwiya. Ena ophwatalala ngati zitumbuwa zomera ndevu. Bambo ake anavala magalasi akuda n'kuima pakati pa awiri, dzanja m'chiuno, foni n'kuwauza kuti, "Batire latha, koma imani choncho, ndikusungani pamtima." Anaimadi. Ndaziona anakhala pansi n'kumajambula, lilime lili panja.

Nyamanso zinkadutsa ngati tsiku la msika. Chinkhanira chinadutsa chitanyamula mchira wake pamwamba ngati mayi wonyamula chikwama chatsopano kutchalitchi. Kamba anadutsa, ndipo titadya nthochi n'kupuma anali akudutsabe. Kunabwera kankhandwe ka makutu ngati malichero awiri.

"Amama, taonani nkhandwe ya m'chipululu!"

"Imadyedwa?"

"Ayi, amama!"

"Nanga imadya nkhuku?"

"Amama, ingoyang'anani basi."

Kungoyang'ana basi. Ine chibadwire sindinayang'anepo chinthu osachifunira ntchito. Ndiye ndinayesa, ndinaima manja kumbuyo ngati mzungu, koma chimene chinayamba kundiwawa mumtima ndi dzuwa. Dzuwa lonse lija, anzanga, likungowala pachabe, palibe ngakhale kansanza kamodzi koyanikidwa. Inu mukudziwa mmene timavutikira mu Januwale, matewera masiku atatu osauma, nyumba yonse kununkha chinyezi. Pano dzuwa laulere, ndi akaloga oti minga ali nayo kale, osafuna mapegi. Ndinalimbana ndi mtima wanga, ndikulumbira, mphindi mwina ziwiri. Ndiye ndinati ndingochapa kadiresi ka Mwatitha kokha. Beseni musandifunse, m'maloto beseni limabwera lokha. Kadiresi katatha ndinaona kuti thovu likadali labwino, ndiye ndinawavula bambo ake malaya ali chiimire pa chithunzi chawo chija. Kenako kabudula wawo. Kenako makatani a minibasi.

"Mayi," chinatero chigubu, "ndili m'chiuno."

"Khala chete, kwangotsala kutsukuluza."

Ndikuyanika, mwadzidzidzi mawu ochokera pamwamba: "Mayi inu, tachotsani kabudula wa amuna anu pankhope panga." Anali kaloga wamkulu pa onse, wamkazi, ana ake asanu ozungulirazungulira atam'zinga kumapazi. "Ndaima pano zaka mazana awiri. Anthu amakwera ndege kudzandijambula."

"Pepani, mayi Kaloga, angoti fwee pang'ono ndichotsa."

Kumsana Mwatitha anandikoka tsitsi. "Mama, madi." Ndiye ndinam'tsitsa, n'kum'thirira timadzi pa chitsekero cha chigubu, timadontho toti nkhuku ikanandidandaula. "Imwa pang'onopang'ono, mwanangu, tili kuchipululu, tisamale." Mwamva? Gulo makapu asanu ndi imodzi, makatani beseni lonse, mwana wanga chitsekero. Bambo ake nawo anabwera, ali chivulire, akuti, "Mayi a Ndazi, tandigawireni ndinyowetse kukhosi." Ndinawayang'ana kuyambira kumapazi. "Mezani malovu, bambo, Mulungu anakupatsani aulere." Kumana a m'nyumba mwanga ndimakhoza bwino, pamenepo ndikanapambana mayeso.

Ndiye mwadzidzidzi, "Odi, odi amayi! Mulipo?" Alangizi a zaumoyo aja amatiyeza ana kusikelo, yunifolomu yawo, chikwama paphewa, akutsetsereka pa phiri la mchenga. Akuyandikira khosi likutalika, miyendo ikutalika, nsidze zikutalika, pofika pa ine anali nthiwatiwa yathunthu, cholembera atachipana kukamwa.

"Khadi la mwana?"

Ndinali nalo, inu, mpaka kuchipululu. Anapachika sikelo pa mkono wa mayi Kaloga, amene anangoti, "Lero ndaziona," n'kum'koleka Mwatitha. Sikelo inausa moyo n'kunena yokha kuti, "Wapepuka."

"Mwamva, mayi?" inatero nthiwatiwa. "Mwanayu akuuma. Mwana azimwa madzi pafupipafupi. Koma tisanafike kumeneko, mutu wa lero ndi kusamba m'manja. Bweretsani madzi tiphunzire."

Ndinati nditsegule pakamwa, koma munayamba mwawayankhapo alangizi inu? Ndiye ndinagwada n'kumathira. Manja analibe, ankasamba mapazi. "Tikachoka kuchimbudzi, thirani. Tisanaphike, thirani. Tisanadyetse mwana, thirani. Mwathira mowuma, tibwereze." Anandiimbitsa ndi nyimbo ya kusikelo, ndikuomba m'manja ndekha pakati pa mchenga, bambo ake akuvinira patali osavala malaya. Pomaliza ndinalimba mtima.

"Alangizi, nanga madzi akatha, mwana ndim'patsa chiyani?"

Nthiwatiwa inazika mutu mumchenga, mawu n'kumamveka kuchokera pansi: "Funso limenelo mubwere nalo mwezi wamawa." Itazula mutu inati, "Kulangiza kumaumitsa kukhosi." Kapu ya alendo inadumpha yokha kulowa m'manja mwanga. Khosi lija, anzanga, kapu imodzi inkangonyowetsa kachigawo, tinkawaona madzi akutsika ngati basi ya ku Karonga, kuima pa siteji iliyonse.

"M'mawondo," chinatero chigubu. Sichinanenenso kuti mayi.

Apa ndinalumbira. Ndinakhala pa chigubu, miyendo uku ndi uku, n'kunena kuti tsopano ngakhale abwere mngelo. Sindinamalize kulumbirako, ndikumva makiyi ngwe ngwe ngwe. A Thawale, wapampando wa komiti ya mjigo wathu, makiyi a loko ali m'khosi monga mwa masiku onse. Jekete lawo likutukumuka kumsana, likutukumuka, mlomo ukulendewera, miyendo inayi: ngamira. Koma kuyenda kwake kunali komweko kwa a Thawale, ngati msewu anaulima ndi iwo.

"Odi pano. Komiti yamva kuti kuno kuli madzi osadziwika. Tabwera kudzawalawa ngati ndi oyenera anthu."

Ayi anali atafika kale pa lilime panga, ndikumumva kukoma. Ndiye ndinaponya maso pa phiri la mchenga. Anzanga, munali pomwepo. Nonsenu. Mutasanduka misulu, tinyama tija timaima ndi miyendo iwiri manja pachifuwa, mutandandalika pamzere ngati pa mjigo. Iwe mayi a Pemphero unali patsogolo, duku lako lobiriwira lili kumutu, ndevu zikugwedera, ukunong'oneza mnzako mokweza kuti chipululu chonse chimve: "Tiyeni tione. Akuti kwawo amamana madzi." Wina kumbuyo, sindim'tchula koma akudzidziwa, anati, "Nanga munthu wosiyira mu Sitandade 7, ulemu akanauphunzira liti?"

Ndinatsika pa chigubu. Ndinagwada.

Ngamira inamwa kapu yoyamba n'kuti sinamve bwino kukoma. Yachiwiri inati ikumva ngati muli kamchere. Pofika ya makumi awiri inali isanagamule. Kapu ya alendo inali kalikiliki, ikuimba nyimbo ya chinkhoswe. Pomaliza a Thawale anageya, nati, "Madzi ndi abwino. Komiti yakusungirani kumsana kuno. Mudzatunge Lachinayi, kuyambira sikisi mpaka eyiti, pamzere." Makiyi ngwe ngwe ngwe, uyo wapita.

Chigubu chinalankhula chapansipansi. "Kwatsala kapu imodzi. Ndiponso mukachita kundipendeketsa."

Apa maloto anasiya kuseketsa. Ndinazindikira kuti papita nthawi Mwatitha asanandikoke tsitsi. Ndinamasula chitenje n'kum'bweretsa kutsogolo. Sankalira. Inu amayi mukudziwa, mwana wolira amatopetsa, koma mwana wosiya kulira ndiye amaimitsa mtima. Mutu unali lende, milomo itang'ambika ngati dambo mu Okutobala, maso atalowa. Ndinamuitana, "Mwati, Mwati wanga," anangotsegula diso limodzi n'kulitsekanso. Minibasi inali itaphwa n'kubwerera kukhala njinga, matayala atasungunuka. Bambo ake anali pamwamba pa phiri la mchenga, foni m'mwamba, akusaka netiweki. Zochapa zanga zokha ndizo zinali bwino, zouma gwa, zoyera mbee, chipululu chonse mbendera.

Kapu imodzi ndinaona kuti siikwana. Ndaziona anandigwira chitenje. "Amama, aphunzitsi anati kaloga amasunga madzi m'mimba." Ndiye ndinam'patsa mng'ono wake kuti am'fungatire, n'kuthamangira kwa mayi Kaloga. Ndinagwada, ndinaomba m'manja mwaulemu wonse umene ndili nawo.

"Odi. Odi, mayi Kaloga."

Zii.

"Odi kuno, eni khomo."

"Kuno sitiyankha odi," anatero osandiyang'ana.

"Nanga mlendo akabwera?"

"Amaona minga n'kupitirira."

"Sakunenani?"

"Amatinena. Nkhandwe imatinena, akhwangwala amatinena. Chitinenereni sitinafotepo. Taonani ana angawa." Ndinawaona. Onenepa, obiriwira, masaya tukumu, wina ali ndi kaduwa pamutu ngati wopita ku ukwati. "Ine mvula ndinaiona komaliza zaka zitatu zapitazo, ndipo inagwa nthawi yoti simungamalize kusenda mbatata imodzi. Inu munalowa muno ndi chigubu chodzaza mpaka pakhosi. Ndinakuonani. Ndinachita nsanje."

"Ndigawireniko pang'ono, mayi mnzanga, mwana akundithera."

"Madzi anga ndi owawa m'kamwa mwa ana a eni. Muli nayo kapu imodzi, thamangani nayo asanabwere wina." Ndikudzuka anawonjezera kuti, "Ndipo kabudulayu anauma kalekale."

Ndiye ndinathamanga, mchenga ukundigwira miyendo monga zimakhalira m'maloto, ukathamanga koma uli pomwepo. Ndafika pa chigubu, ndachigwira pakhosi, mwadzidzidzi kumbuyo kwanga:

"Odi kuno."

Mawu amenewo ndingawadziwe ngakhale ndili m'manda. Apongozi anga, a Nagama, mayi a bambo a Ndaziona. Anali atayenda wapansi kuchokera ku Dedza, ambulera kumanja, nsapato kumanzere, fumbi mpaka m'mawondo. Iwo sanasanduke nyama iliyonse. Sanafunikire.

Zimene zinachitika sindinazilamule. Manja anapendeketsa chigubu okha, madzi otsala onse chololo m'kapu ya alendo, mawondo pansi, mutu woweramitsa, dzanja lamanzere litagwira chigongono cha lamanja. Chigubu chinati, "Ndatha. Tsalani bwino, mayi," n'kugwa cham'mbali ngati munthu wokomoka pamaliro. Kapu inafuula, "Tsiku langa ndi lino! Mlendo weniweni! Kwezani bwino, maluwa ayang'ane kwa iwo!"

Ndiye ndili chogwada pakati. Kumanja apongozi, milomo yawo yotuwa ndi ulendo. Kumanzere Ndaziona atafungatira mng'ono wake, kamkono kali lende. Paphiri inu nonse mwatalikitsa makosi. Gulo wabweranso, ali pa mwala, mutu gwede gwede, osadziwika akuvomera ziti. Nthiwatiwa yazula mutu. Ngamira yaima ikubzikula. Kumwamba miimba iwiri ikuzungulira itavala majekete a ankhoswe athu, wakuchimuna ndi wakuchikazi.

Kapu inali itayamba kale ulendo wopita kumanja. Ndinaiona ikupita, m'manja mwanga momwemo. Ndiye Mwatitha anatulutsa kalilime n'kunyambita mlomo wouma uja.

"Amayi," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mbuzi yomangidwa pa njinga, "pepani. Madzi awa si anu."

Chipululu chonse chinati haa. Iwe mayi a Pemphero unagwa chagada, miyendo inayi m'mwamba.

Ndinatembenuka ndi mawondo omwewo, n'kuika kapu ya alendo pamlomo pa mwana wanga. Kapuyo inakuwa ngati yaona njoka. "Mlomo wa mwana! Wa mamina! Ine wa pa chinkhoswe! Ndikauza kabati yonse!" Ndinaigwira zolimba. Mwatitha anayamba ndi kunyambita, kenako gudu, gudu, gudu, timanja take tonse tiwiri tagwira maluwa ofiira aja. Anamaliza, anatsegula maso onse awiri, analuma m'mphepete mwa kapu, n'kuyamba kulira. Kulira kwenikweni, kwamwano, kogonthetsa m'khutu. Sindinamvepo nyimbo yokoma chotero.

Ndiye ndikumva thupi kuyabwa. Ndikayang'ana mikono, minga ikumera, ikuboola bulauzi, ina pamphumi, ina m'zigongono. Mayi Kaloga patali anati, "Zikukukhalani." Basi, mtima unakwera. Mukudziwa munthu amene sanakanepo, akakana kamodzi safuna kusiya. Ndinaimirira, manja m'chiuno, pamaso pa apongozi.

"Ndipo mukawauze onse ku Dedza! Mukanene kuti mkazi wa mwana wanu amamana madzi! Itanani ankhoswe, si awo ali m'mwambawo, atsike tikambe! Ndatopa ine kugwadira aliyense wodziwa kunena odi! Ndipo mpunga wa pa Khirisimasi uja sindinapsereze ndine, anali mwana wanu wamkazi, ndinangokhala chete! Ndipo mbale yanu ya chivundikiro ija sinasowe, ndinaiswa, ili pansi pa mtengo wa mapapaya!"

Ndinanena zambiri, anzanga. Zina sindingazibwereze pano. Apongozi anangoima, ambulera ili chitsegulire, akundiyang'ana monga amayang'anira ndiwo zanga. Nditatha mpweya anafunsa mofatsa.

"Mwamaliza, mayi a Ndaziona?"

"Ndamaliza."

"Kodi ine ndapempha madzi?"

Minga yanga inayamba kufota umodzi umodzi. Ndinaganiza mobwerera. Anati odi. Odi yekha basi. Paphiri misulu inali itagwirana mapewa, kuseka kopanda mawu. Bambo ake anatsika pa mchenga akufuula kuti, "Ndaipeza netiweki! Kodi chachitika n'chiyani? Amayi, mwabwera liti?"

"Khala chete iwe, kavale malaya," anatero apongozi. Anaika nsapato pansi, anapinda ambulera, anasendera pafupi mpaka ndinamva fungo la fodya wawo wofwenkha. "Za mbaleyo tidzakamba. Koma ine ndayenda mtunda wonsewu, masiku anayi, kudzakuuzani chinthu chimodzi. Tcherani khutu, sindibwereza. Ine ndabwera kudzanena kuti..."

Anatsegula pakamwa, ndiye m'malo mwa mawu munatuluka shwaa. Ndinati, "Pepani amayi, sindinamve." Shwaa. Ndinasendera. Shwaa, shwaa.

Ndinatsegula maso. Kunja kutayera, kuwala kukulowa pa bowo la malata. Ndinapapasa pambali, ndipo Mwatitha anali pompo, miyendo pamimba pa bambo ake, masaya tukumu, atanyowetsa bulangete, mphasa, ndi msana wanga wonse mpaka m'khosi. Mwana wouma sakodza chotero. Chikhalire mayi sindinakondwerepo ndi mkodzo ngati m'mawa uno.

Chimene apongozi anayendera masiku anayi sindichidziwa mpaka pano, ndipo wolakwa ndi iwe, mayi a Pemphero, chifukwa pansi pa zenera langa tsache lako linali likupitirira, shwaa, shwaa, shwaa.